Lamya za m'manja ndi ubwenzi: kodi anthu a kumigodi ayandikana kapena atalikirana?

KITWE – M'komboni ya Luangwa, kunja pang'ono kwa mzinda wa Kitwe cakumbali ya mseu wopita ku Ndola, n'capafupi masiku ano kupeza munthu amene ali ndi mabwenzi mazanamazana pa Facebook ndiponso ali m'magulu angapo pa WhatsApp. Pali gulu la a mpingo, gulu la cilimba, gulu la amene anaphunzira pa sukulu imodzi, ndi gulu la anthu ocokera kumudzi kumodzi ku Chipata, Katete kapena Petauke. Mauthenga amayamba kulowa tambala asanalire ndipo saleka mpaka pakati pa usiku.

Funso limene makolo, atsogoleri a mipingo ndi akatswiri a za cikhalidwe ca anthu akhala akufunsa ndi lakuti: kodi kuceza kotereku kumalimbitsadi ubwenzi, kapena kumangocititsa munthu kuganiza kuti ali ndi anzake pamene ali yekha?

Nkhaniyi ndi yaikulu. Mu June 2025 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti munthu mmodzi mwa anthu 6 alionse amavutika ndi kusungulumwa, ndi kuti kusungulumwa ndi kusowa oceza nao kumakulitsa ngozi ya matenda a mtima, sitiroko ndi kuvutika maganizo. M'matauni a kumigodi muli cifukwa cinanso. Munthu wa m'komboni alibe nkhokwe ya agogo pafupi. Nchito ikatha, mwana akadwala, kapena mwini nyumba akafika kudzafuna ndalama ya lendi, wothamangirako ndi bwenzi. Motero kudziwa amene ali bwenzi leni-leni ndi nkhani yokhudza cakudya ca pakhomo.

Kale kunali kalata ndi wailesi

Vuto losunga ubwenzi ndi anthu okhala kutali si lacilendo m'cigawo ca Copperbelt. Mgodi wa Nkana utayamba kutulutsa mkuwa mu 1932, ndipo tauni ya Kitwe itakhazikitsidwa mu 1936, anthu anafika kucokera kumpoto, ku Luapula, kum'mawa ndi ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi. Anasiya kumudzi anzao amene anakulira nao pamodzi. Amene anakhala zaka zambiri osabwerera kwao ndiponso osatumiza mau anali kuchedwa machona.

Kalata inali kutenga masiku ambiri panjira, ndipo munthu wosadziwa kulemba anali kupempha mnzake kuti amlembere, zinsinsi zake zonse n'kudutsa m'manja mwa munthu wina. Wailesi inabweretsa njira ina. Kawailesi kochipa kochedwa Saucepan Special katayamba kugulitsidwa mu 1949, omvera ambiri anali kulembera nyumba ya mphepo ya Central African Broadcasting Station ku Lusaka kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale ndi mabwenzi pa pulogalamu ya Zimene Mwatifunsa. Moni wa pa wailesi unali kumveka ndi dziko lonse, monga momwe mau olembedwa pa Facebook amaonekera kwa aliyense lero.

Zinthu zinasintha msanga kuyambira mu 1994, pamene bungwe la PTC linagawidwa pawiri kukhala Zamtel ndi Zampost, ndipo kampani ya Zamnet, imene inabadwira pa University of Zambia, inalumikiza dziko lino ku intaneti. M'zaka zoyambirira za m'ma 2000 lamya za m'manja zinafala m'makomboni. Kampani ya Telecel inagulidwa ndi MTN mu 2005, pamene Celtel inasintha dzina kukhala Zain mu 2008 ndiponso Airtel mu 2010. Popeza kuimba kunali kodula, panabuka mcitidwe wa kupeja, kumene ndi kuliza lamya ya mnzako kamodzi n'kudula asanayankhe. Kulira kamodzi kumeneko kunali kutanthauza kuti "ndiimbire", kapenanso kuti "ndakukumbuka".

Mu July 2014 dziko la Zambia linakhala loyamba pa dziko lonse kulandira pulogalamu ya Internet.org, imene kampani ya Facebook inayambitsa mogwirizana ndi Airtel kuti anthu azilowa pa Facebook ndi masamba ena ocepa popanda kulipira. Komabe si onse amene anafikiridwa. Kafukufuku wa bungwe la ZICTA wa mu 2022 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi yekha mwa anthu 4 ndiye anali kugwiritsa nchito intaneti, ndipo ambiri mwa iwo anali a m'matauni. Izi zitanthauza kuti pamene maceza onse asamukira pa WhatsApp, bwenzi la kumudzi lokhala ndi kalamya kamabatani limatsalira kunja kwa nkhani.

Phunziro limene linacokera ku Ndola

Ambiri sadziwa kuti maphunziro a mmene anthu amalumikizirana ndi anzao, amene lero ali pamtima pa makampani monga Facebook, anakulira mbali ina kumigodi kuno. M'zaka za m'ma 1950 akatswiri a bungwe la Rhodes-Livingstone Institute, limene pambuyo pake linakhala mbali ya University of Zambia, anali kufufuza mmene anthu ocokera m'midzi yosiyanasiyana amapezera mabwenzi m'tauni.

Mmodzi mwa iwo, A. L. Epstein, anagwira nchito yake ku Ndola. Iye anatsata mayendedwe a munthu mmodzi kwa masiku angapo, kulemba aliyense amene anakumana naye panjira, pamsika ndi pamowa. Anapeza kuti anthu amene munthu amadziwana nao ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi laling'ono: anthu amene amaonana nao kawirikawiri, amenenso amadziwana okha-okha. Gulu laciwiri ndi lalikulu: anthu amene amangopatsana nao moni, amene ambiri mwa iwo sadziwana. Zolemba za Epstein ndi anzake zinasonkhanitsidwa ndi J. Clyde Mitchell m'buku la Social Networks in Urban Situations mu 1969.

Mu 1973 katswiri wa ku America, Mark Granovetter, anachula zimene Epstein anapeza pamene anali kufotokoza kusiyana kwa ubale wolimba ndi ubale wapatali-patali. Granovetter anaona kuti anthu ambiri amene anawafunsa pafupi ndi mzinda wa Boston anamva za nchito kucokera kwa anthu amene sanali kuonana nao kawirikawiri. Cifukwa cake n'cosavuta kumva: bwenzi la pamtima limadziwa zomwezo zimene mwini wake adziwa, pamene munthu wapatali amayenda m'malo ena ndipo amamva nkhani zina.

Kusiyana kwa magulu awiriwa ndiko kumathandiza kuyankha funso la lamya. Masamba a mcezo a pa intaneti amagwira nchito yaikulu pa gulu laciwiri lija. Amasunga maina amene akanaiwalika, ndipo amafalitsa msanga mbiri ya nchito, ya nyumba ya lendi kapena ya katundu wochipa pa msika wa Chisokone ku Kitwe ndi wa Masala ku Ndola. Koma mphamvu yao pa gulu loyamba, la anthu a pamtima, ili ndi malire.

Mtima uli ndi muyeso wake

Katswiri wa pa University of Oxford, Robin Dunbar, ananena kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990 kuti munthu angathe kusunga ubale watanthauzo ndi anthu pafupifupi 150 okha. Mkati mwa ciwerengero cimeneci muli anthu pafupifupi 50 amene ali mabwenzi, 15 amene ali mabwenzi abwino, ndi 5 amene munthu angawatsegulire mtima wake wonse. Akatswiri ena amatsutsa kuti ciwerengero ca 150 n'cokhazikika kwa aliyense, koma mfundo yakuti a pamtima amakhala owerengeka ndi yovomerezeka kwa ambiri.

Mu 2016 Dunbar anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu opitirira 3,000 a ku Britain ogwiritsa nchito masamba a mcezo. M'gulu lina la ofunsidwawo munthu anali ndi mabwenzi pafupifupi 155 pa Facebook, koma amene akanawadalira pa nthawi ya tsoka anali pafupifupi 4, ndipo amene akanamumvera cisoni coona anali pafupifupi 14. Ngakhale anthu amene anali ndi maina oculuka kwambiri pa Facebook sanasiyane kweni-kweni ndi anzao pa ciwerengero ca odalirika.

Cimene cimaika malirewo ndi nthawi. Jeffrey Hall wa pa University of Kansas anawerengera mu 2018 kuti pamafunika maola pafupifupi 50 okhalira pamodzi kuti munthu wongodziwana naye akhale mnzako wamba, maola 90 kuti akhale bwenzi, ndi maola opitirira 200 kuti akhale bwenzi la pamtima. Lamya ingaculukitse maina, koma siingaonjezere maola pa tsiku. Munthu amene agawa madzulo ake kwa anthu 300 amapatsa aliyense kamphindi kosakwana kumanga nako kanthu.

Pamene lamya yathandiza

Ngakhale zili tero, anthu a kumigodi ali ndi zifukwa zomveka zoyamikira lamya. Kugulitsidwa kwa migodi ya ZCCM, kumene kunamalizidwa mu 2000, kunabwera pamodzi ndi kutha kwa nchito za anthu zikwizikwi. Mabanja amene anakhala moyandikana kwa zaka zambiri ku Wusakile, Chamboli ndi Mindolo anabalalika. Ena anabwerera kumudzi, ena anapita ku Lusaka, ena ku migodi yatsopano ya Kansanshi ndi Lumwana m'cigawo ca kumpoto cakumadzulo, ndipo ena anatuluka kunja kwa dziko. M'masiku a makalata ubwenzi wambiri wotere ukanafa. Lero anthu amene anasiyana zaka makumi awiri zapitazo amapezananso mwa kungofufuza dzina.

WhatsApp, imene inayamba mu 2009 ndi kugulidwa ndi Facebook mu 2014, inabweretsa mauthenga a mau mu 2013. Njira imeneyi yathandiza kwambiri okalamba ndi amene sanapite patali ndi sukulu, cifukwa tsopano angathe kulankhula m'Cinyanja, m'Cibemba kapena m'Cinsenga popanda kupempha wina kuti awalembere. Kutumiza ndalama pa lamya nako kwacititsa kuti cifundo cisamathere m'mau okha. Munthu wa ku Luangwa angathe kuthandiza mnzake wodwala ku Lundazi tsiku lomwelo, popanda kudikira wokwera basi.

Phindu la lamya linaonekera poyera m'nyengo ya Covid-19. Matendawa atapezeka m'Zambia pa 18 March 2020, sukulu zinatsekedwa ndipo boma linaletsa misonkhano ya anthu opitirira 50. Maliro anali kucitika ndi anthu ocepa. Ambiri anapepesa anamfedwa, anasonkha ndalama za bokosi ndi kumva za mwambo wa kumanda kudzera pa lamya. Koma nyengo yomweyo inaonetsanso cimene lamya siingacite, cifukwa ambiri anatsala ndi cisoni cakuti sanagone nao pa maliro a anthu amene anawakonda.

Si kuceza konse kumene kuli kofanana

Ofufuza apeza kuti cofunika kwambiri ndi mmene munthu amagwiritsira nchito lamyayo. Moira Burke ndi Robert Kraut, amene anafufuza anthu ogwiritsa nchito Facebook, ananena mu 2016 kuti mau olembedwa mwapadera kucokera kwa munthu wa pamtima ndi amene amayendera pamodzi ndi kukhala bwino mumtima. Kungodina cizindikiro ca cala cacikulu, kapena kungoyang'ana zimene ena aika, sikunaonetse phindu lofananalo.

Liu la munthu lilinso ndi mphamvu imene malemba alibe. Pa University of Wisconsin, Leslie Seltzer ndi anzake anapatsa atsikana aang'ono mayeso odetsa nkhawa, kenaka ena anaonana ndi amai ao, ena analankhula nao pa lamya, ndipo ena anangolemberana nao mauthenga. Zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2012 zinaonetsa kuti amene anamva liu la amai ao anakhazikika m'thupi mofanana ndi amene anaonana nao maso ndi maso, pamene amene anangolandira malemba anafanana ndi amene sanalankhule ndi amai ao n'komwe.

Kafukufuku wina wa pa University of Pennsylvania mu 2018 anakhudza ophunzira 143. Ena mwa iwo anapemphedwa kuti kwa masabata atatu asapitirire mphindi 10 pa tsiku pa tsamba lililonse mwa masamba atatu a Facebook, Instagram ndi Snapchat. Pomaliza iwo ananena kuti kusungulumwa kwao kunacepa poyerekeza ndi anzao amene anapitiriza monga mwa masiku onse. Maphunziro amenewa anacitikira ku America ndi ku Ulaya, kumene moyo ndi wosiyana ndi wa m'komboni, koma onse aloza mbali imodzi: kulankhulana ndi munthu mmodzi kumamanga, kungopenyerera khamu kumatopetsa mtima.

Palinso cifukwa cimene kupenyerera kuli kosavuta kuposa kulankhula. Kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, imapeza pafupifupi ndalama zake zonse kucokera kwa otsatsa malonda. Munthu akakhalitsa pa tsamba, amaona malonda ambiri. N'cifukwa cake masambawa amasankhira munthu zinthu zomukopa maso, ngakhale zocokera kwa anthu amene sawadziwa. Ndipo popeza anthu amaika zithunzi za tsiku la ukwati, la zovala zatsopano ndi la phwando, osati za tsiku logona ndi njala, wopenyerera amayamba kuganiza kuti wovutika ndi iye yekha, nacita manyazi kuuza anzake za mavuto ake.

Cinsinsi, mijedo ndi akathyali

Ubwenzi umakula pamene anthu auzana zakukhosi, ndipo apa lamya ili ndi ngozi yake. Akuluakulu anati bwenzi lako ndi la wina. Epstein analembanso za mmene mphekesera ina ya cibwenzi camseri inayendera mu Ndola kucoka pakamwa kupita pakamwa m'kanthawi kocepa. Lero mphekesera yotere imayenda ndi umboni wake, cifukwa mau olembedwa kapena ojambulidwa angathe kutumizidwa kwa anthu mazana m'mphindi imodzi ndipo sabwezeka. Munthu wodziwa zimenezi amasamala mau ake, ndipo maceza amakhala apamwamba-mwamba.

Malemba alibenso nkhope. Nthabwala imene ikanaseketsa anthu atakhala pamkeka ingathe kuoneka ngati cipongwe ikawerengedwa ndi munthu wotopa. Magulu ena a cilimba ndi a pabanja asokonezeka cifukwa ca mau amene akanathetsedwa mosavuta anthu atakhala pansi.

Akathyali naonso apezerapo mpata. Ena amaba tsamba la munthu n'kuyamba kupempha ndalama kwa anzake m'dzina lake, ponena kuti wagwa m'vuto ladzidzidzi. Ena amatumiza uthenga wakuti ndalama zija zitumizidwe pa nambala ina. Cinyengo cotere cimadyera pa cifundo ca mabwenzi, ndipo njira yocipewera ndi kuimba lamya ndi kumva liu la wopemphayo ndalama zisanatumizidwe. Dziko la Zambia linakhazikitsa lamulo la milandu ya pa intaneti mu 2021, ndipo mu April 2025 linalowedwa m'malo ndi malamulo awiri atsopano, amene mabungwe ena omenyera ufulu wa anthu anawadandaula kuti angacepetse cinsinsi ca olankhulana.

Njira imene ili m'manja mwa ena

Ubwenzi wa pa lamya umadaliranso zinthu zimene mabwenziwo sazilamulira. Mu August 2018 boma linalengeza ganizo lolipiritsa 30 ngwee pa tsiku kwa oimba lamya kudzera pa intaneti, ndipo anthu ambiri anadandaula. Pa tsiku la masankho la 12 August 2021, WhatsApp, Facebook ndi masamba ena zinaleka kugwira nchito m'dziko muno mpaka bwalo lalikulu la milandu litalamula kuti zitsegulidwe, bungwe la Chapter One Foundation litakadandaula. Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo anthu anavutika ngakhale kuchaja lamya zao. M'masiku oterowo munthu amene maceza ake onse anali pa lamya anazindikira kufunika kwa mnansi wa khomo loyandikana.

Muyeso wa makolo

Anthu a kumigodi ali nao kale muyeso wao wa ubwenzi, ndipo umaonekera pa maliro. Mitchell, polemba mu 1956 za gule wa kalela wa ku Luanshya, anafotokozanso za ubale wa nthabwala pakati pa mitundu, monga cimbuya ca Abemba ndi Angoni, mitundu imene kale inali kumenyana nkhondo. M'tauni, kutali ndi abale, a cimbuya ndi amene anali kuthandiza pa nchito za maliro. Mpaka lero pa maliro ambiri a ku Kitwe ndi Ndola iwo amanyozana, kupakana ufa ndi kuseketsa anamfedwa, koma amakhala pomwepo ndi matupi ao.

Pa maliro a m'komboni uthenga umafala pa WhatsApp m'mphindi zocepa, mau opepesa amafika mazana, ndipo zopereka zimasonkhanitsidwa mofulumira kuposa kale. Zonsezi ndi thandizo leni-leni. Koma nkhuni ziyenera kubwera, nsima iyenera kuphikidwa, amuna ayenera kugona panja pa moto ndipo amai ayenera kukhala m'nyumba ndi wamasiye. Pa nchito zimenezi m'pamene pamaoneka anthu 4 kapena 5 aja amene Dunbar anawawerenga, ndi gulu laling'ono lija limene Epstein analiona ku Ndola. Makolo anachula ubale wosafika pamenepa kuti cibwenzi ca nkhwangwa, cokoma pokwera.

Zimene zadziwika mpaka pano zionetsa kuti masamba a mcezo ndi mauthenga a pa lamya amateteza ubwenzi wakale kuti usafe ndi mtunda, ndipo amakulitsa gulu la odziwana nao amene angathandize pa nkhani ya nchito ndi malonda. Paokha sakwanitsa kusandutsa mlendo kukhala bwenzi la pamtima, pokhapokha anthuwo atapatsana nthawi, kumvana mau ndi kusungirana cinsinsi. Amene amapindula kwambiri ndi lamya ndi aja amene amaigwiritsa nchito kupangana tsiku lokumana, kuimbira mnzao amene wakhala cete kwa masiku angapo, ndi kufunsa nambala ya wodi kucipatala ca Kitwe Teaching Hospital kapena Ndola Teaching Hospital kuti akamuone wodwalayo pa nthawi yoona odwala.